Mayi Amene Ankaluka Nthambo za Magetsi

Inu amene mwadzuka lero mtima uli wolemera ngati mwala, musafulumire kuchoka. Mverani kaye za mayi wina amene anthu a mumsewu wa kwawo ankangomutcha Woluka.

Masana ena, Woluka anali atakhala pabedi m'chipinda chakumbuyo kwa nyumba ya mkulu wake, manja ali pamiyendo. Chipindacho chinkanunkha fumbi ndi mafuta a makina osokera. Dzuwa linkalowa pazenera, ndipo ankalimva likumufunditsa tsaya lakumanzere, koma kuliona sankaliona. Kukhitchini mkulu wake ankalankhula ndi mwamuna wake motsitsa mawu, poyesa kuti khoma lilibe makutu.

"Kwa azakhali kuli bwalo lalikulu," anatero mkulu wakeyo. "Azikakhala pamthunzi, mphepo izimuwomba. Kuno akungofota ngati duwa la m'botolo."

"Nanga kumeneko akakachita chiyani?" anafunsa mwamunayo.

"Achitenso chiyani, bambo? Munthu wosaona?"

Woluka sanalire, pakuti misozi inali itauma kalekale. Anangogwira mphonje za bulangete n'kuyamba kuziluka, kumasula, kulukanso, osadziwa n'komwe kuti zala zikuyenda.

Zala zimenezi kale zinali ndi mbiri. Woluka anali ndi kasaluni pafupi ndi pokwerera basi, ndipo akwati ankachokera kutali kudzamupatsa mitu yawo. Kenako maso anayamba kuchita chifunga. Poyamba ankayesa kuti wina wapumira pagalasi. Ankapukuta, kupukutanso, koma chifungacho sichinali pagalasi. Madokotala anayesa zonse zimene akanatha, koma mitsempha ya m'maso inali itafota. Tsiku lina m'mawa anatsegula maso n'kupeza kuti kunja sikunache, ndipo sikunachenso.

Anayesa kupitiriza ntchito, poti zala sizinaiwale kanthu. Koma tsiku lina anasakaniza mitundu ya tsitsi loikirira, ndipo mkwati wina atadziona pagalasi analira mokweza anthu onse akumva. Nkhani inafala. Mipando ya m'saluni inayamba kuzizira, mpaka chitseko chinatsekedwa. Mwamuna amene ankamulonjeza ukwati anachepetsa maulendo, kenako foni yake inangokhala yozima. Mkulu wake ndiye anamutola, pajatu chibale ndi fupa, sichiola.

Kuseri kwa khoma la chipinda chake kunali kashopu ka mlamu wake, mwamuna wa mkulu wakeyo. Iye ankakonza mawailesi, masipika ndi zoimbira zamitundumitundu. Tsiku lonse kunkamveka kulira kwa zinthu zodwala, zina kutsokomola, zina kusasa mawu. Koma masana amenewo, mawu a kukhitchini atangotha, pakhoma panadutsa chinthu china.

Inali piyano. Inayamba pang'onopang'ono, ngati madontho otsala padenga mvula itakata. Kenako mayi wina anayamba kuimba, ndipo mawu ake anali pafupi kwambiri moti Woluka anatembenuka, kuyesa kuti wina walowa m'chipinda. M'mutu mwake munatseguka chipinda chachikulu cha makatani aatali ndi kuwala kwachikasu. Anaona woimbayo ataima kumanja kwa piyano, ataweramitsa mutu. Kuyambira pamene maso anatseka, aka kanali koyamba kuona chinthu chimene sichinali chikumbutso chabe.

Anadzuka n'kutsatira khoma ndi dzanja, kutuluka pakhomo, kukhota, mpaka phazi linagunda chitini cha misomali.

"Alamu!" anadzidzimuka mlamu wake. "Mwafika bwanji kuno? Samalani, pansipa pali zinthu."

"Ndani akuimbayo?"

"Ndi chimbale. Ndikuyesa chokwezera mawu ichi, ampulifaya ya kasitomala wina, ya anthu olemera. Bwerani muimve kufunda kwake."

Anamugwira dzanja n'kuliika pamwamba pa mababu agalasi amene ankafunda ngati buledi wongotuluka mu uvuni. Woluka anaima pomwepo mpaka nyimbo inatha. Ndiye anakwinya nkhope.

"Alamu, m'nyimboyi muli njuchi."

"Njuchi?"

"Pansi pa mawu a mayiyo. Ikungoti ng'ung'ung'u, ngati yatsekeredwa m'botolo."

Mlamuyo anaseka. Iye makutu ake anawasiya m'maholo a dansi ali mnyamata, ndipo ankadziwa yekha. Komabe anatenga makina ake opimira, ndipo njuchi anaipezadi. Anazula nthambo ya magetsi yopyapyala imene anangoitola pashelefu, n'kulowetsa imene mwini ampulifaya anabwera nayo. Anaisunthanso kuti isagone pamwamba pa timawaya tonyamula nyimbo. Atayatsa, njuchi ija inali itapita kutali, ngati yatulukira pazenera.

Woluka anapempha kuti aigwire nthamboyo. Inali yonenepa ngati mkono wa khanda, yolemera, yovala chovala cholukidwa. Mlamu wake anali ndi ina yotere yowonongeka, ndipo anaing'amba kuti amve zam'kati. Zala za Woluka zinayenda pamawayawo, uyu kudutsa pamwamba pa uyo, uyo kulowa pansi pa wina.

"Komatu uku n'kuluka tsitsi! Analuka ndani? Dzanja lake n'louma, alibe chifundo."

"Ndi makina, alamu."

"N'chifukwa chake."

Mlamuyo anamukhazika pampando n'kumufotokozera. Magetsi a m'nyumba, anatero, safika oyera nthawi zonse. Filiji ikamalira, machaja akamagwira ntchito, wowotcherera zitsulo wa tsidya lina akamathethetsa moto, zonse zimasiya litsiro lake m'mawaya. Nthambo yolukidwa bwino, yokutidwa ndi chishango cha mkuwa, ya pulagi yogwira zolimba, imathandiza kuti litsirolo lisadumphire m'nyimbo.

"Koma musandifunse zambiri," anawonjezera. "Nkhani imeneyi imadanitsa anthu pachibale. Ena amati nthambo yodula imasintha nyimbo ngati mvula isinthira munda. Ena amati magetsi ayenda ulendo wonsewo pamawaya wamba, ndiye kachidutswa komalizaka kangasinthe chiyani? Mtengo wake wokha mukaumva mukhoza kugwa pampandopo."

"Ndiphunzitseni," anatero Woluka.

Mkulu wake atamva anakana kwamtuwagalu.

"Iwe, magetsi si tsitsi! Tsitsi ukalakwitsa umamasula. Magetsi ukalakwitsa timakunyamula."

"Akulu, kodi panopa simukundinyamula kale?"

Potsiriza anagwirizana chinthu chimodzi: palibe nthambo imene idzalowe pakhoma mlamu asanaipime ndi makina ake.

Nthambo yoyamba anailuka ndi mtima wonse. Inatuluka yosalala, yofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Mlamu wake anaiika pamakina n'kuipima, kuipimanso.

"Lankhulani, alamu."

"Yalukidwa bwino zedi. Koma waya wamoto mwaumanga pamene pamayenera kukhala waya woteteza munthu. Ikanalowa pakhoma, wogwira chitsulo cha ampulifaya sakanadzukanso."

Mitundu ija inali itamugwetsanso. Mawaya onse atatu m'zala ankamveka chimodzimodzi, ndipo chimene chinkawasiyanitsa chinali utoto wokha. Mkulu wake anatenga pulayala ndi mpeni n'kuzitsekera m'kabati, kiyi n'kumangirira pansalu yake.

Woluka anabwerera pabedi paja. Koma ulendo uno mutu sunagone. M'mawa wina anatsegula chitini chimene anachokera nacho kusaluni, n'kuyamba kusankha mikanda ya m'tsitsi. Yokhakhala anaiika pambali, yosalala pambali, yaitali ngati mbewu ya nkhaka pambali. Anapita nayo kushopu.

"Alamu, inu maso muli nawo. Waya wamoto muziuveka mkanda wokhakhala kuno ndi kuno, wobwerera wosalala, woteteza wautali. Zotsalazo zisiyireni zala zanga."

Mlamuyo anapita kukapempha kiyi kwa mkazi wake. Zimene anakambirana kumeneko palibe akudziwa, koma anabwerako ndi pulayala m'manja, khutu limodzi likuyaka.

Kuyambira pamenepo masiku anayamba kukhala ndi mayina. Mkuwa unkamucheka nsonga za zala mpaka zinachita zikang'a. Nthambo zina zinkatuluka zouma ngati ndodo, zosapindika pakona. Zina chishango chinkang'ambika. Ankamasula, kuyambanso. Mlamu wake akamuuza kuti apume, ankayankha kuti, "Amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine masowo sindidzawaona, koma kudekhako mundisiyire."

Dzuwa likapendeka, ntchito ikachepa, ankalowetsa nthambo yatsopano pa ampulifaya iliyonse imene inali m'shopumo n'kumvetsera. Imeneyo ndiyo inali nthawi yake yolota. Nthambo ina inkamuonetsa nyanja ya buluu, ina chipinda cha matabwa onunkhira, ina msewu wonyowa magetsi a galimoto akuwala pamenepo. Anayamba kukhulupirira kuti nthambo iliyonse ili ndi mawu akeake, ndipo kuti iye yekha ndiye amawamva. Ankauza aliyense wobwera kuti, "Iyi imatsekemeretsa mawu a akazi. Iyo imanenepetsa ng'oma." Kunena zoona, kamtima kodzitama kanali katalowa.

Mlamu wake, ponyadira, anamutengera m'tauni kusitolo ina yogulitsa zoimbira zodula. Mwini wake anali mayi wa mawu odekha, wonunkhira sopo wabwino. Anagwira nthambo ya Woluka n'kuiyendetsa m'manja mosirira, kenako anawalowetsa m'chipinda chomvetsera. Pansi panali kapeti yomeza mapazi, ndipo makoma anali ovekedwa nsalu moti ngakhale chifuwa chinkamveka chaulemu.

"Kuno tili ndi mwambo," anatero mayiyo. "Munthu akati nthambo yake imasintha nyimbo, timamumanga nsalu kumaso. Ine ndimasintha nthambo kuseri, iye n'kumanena imene ikuimba."

"Nsaluyo isungeni, mayi," anayankha Woluka. "Ine ndabwera womangidwa kale."

Onse anaseka, ndipo mayeso anayamba. Nyimbo yomweyo inkabwerezedwa, mayiyo n'kumasintha nthambo. Woluka ankayankha mosakayika. Pa ulendo wina nyimbo inamveka mokoma kwambiri moti anatambasula manja.

"Iyi ndi yanga! Tamvani mmene piyano yatsegukira, ngati zenera la m'mawa!"

Mlamu wake anakhosomola. Mayi wa sitolo anabwera n'kuika nthambo ina m'manja mwa Woluka. Inali yopyapyala, yopepuka, ya pulasitiki wamba.

"Imene imaimbayo ndi iyi, mayi. Ndi ya ketulo yathu ya tiyi."

Pa mayankho ake onse, olondola ndi olakwa anali ofanana, ngati munthu wongoponya ndalama m'mwamba. Woluka analakalaka kapeti ija itamumeza yense.

"Musachite manyazi," anatero mayi wa sitolo, atamugwira paphewa. "Inenso mayeso omwewa anandigwetsa, pamaso pa makasitomala. M'chipinda chino magetsi tinawayeretsa kale, ndiye nthambo ilibe nkhondo yomenya. Khutu ndi bwenzi la mtima. Chimene mtima ukufuna, khutu limavomera. Ntchito ya manja anu ndi yabwino kuposa zambiri zimene ndili nazo pashelefu. Koma zimene mukunena za iyo, sindingaziuze anthu."

Atafika kunyumba, Woluka anauza mkulu wake kuti, "Akulu, konzani chikwama chija. Ndipita kwa azakhali."

Chikwama chinakonzedwa n'kuikidwa pafupi ndi chitseko. Ulendo unali woti uchitike kumapeto kwa sabata. M'masiku amenewo Woluka ankangogona chagada, maganizo akuzungulira. Nyanja ya buluu ija inali bodza. Msewu wonyowa uja unali bodza. Ndiye kuti zonse zinali maloto a munthu wofuna kudzitonthoza?

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkakana kulowa m'gulu la mabodza. Njuchi ija. Njuchi sanaiyembekezere, sanaifune, ndipo makina a mlamu wake anaipeza. Anadzuka n'kukhala tsonga. Chimene khutu lake linkagwiradi sichinali kukoma kwa nyimbo. Chinali phokoso lobisala pansi pa nyimbo.

Anapita kushopu.

"Alamu, yatsani ampulifaya. Koma musaike chimbale."

"Ndiye timvere chiyani?"

"Timvere chimene chimatsala nyimbo kulibe."

Anakhala pakati pa masipika awiri osaimba kanthu. Mlamu wake ankasintha zinthu kuseri osamuuza, monga anachitira mayi wa sitolo uja. Woluka ankati, "Apa yabwera. Apa yachoka. Apa mwayatsa filiji. Apa palibe chimene mwasintha, mukungondiyesa." Pena ankalakwa, ndipo akalakwa ankavomera. Koma nthawi zambiri makina ankamuvomereza.

Kumapeto kwa sabata kunafika, koma palibe anatchula za ulendo. Masana Woluka anamva mkulu wake akutsegula zipi ya chikwama n'kumabwezera zovala m'kabati, uku akung'ung'udza kuti, "Basi za masiku ano n'zodzaza, munthu angakomokeremo."

Kuchokera apo anayamba kutsagana ndi mlamu wake kunyumba za makasitomala. Ankalowa m'zipinda za anthu osawadziwa, kukhala pansi, kupempha kuti onse akhale chete. Anaphunzira kuti bata lili ndi mitundu yambiri. Lina limang'ung'uza, lina limatswanya ngati mafuta pamoto, lina limagunda ngati mtima wa munthu wamantha. Pena vuto linkakhala soketi yogwedera. Pena mawaya opiringizana kuseri kwa kabati. Pena linkakhaladi la nthambo ya magetsi, ndipo pamenepo nthambo yake inkachita zodabwitsa. Koma m'nyumba zina ankamvetsera n'kudzuka, n'kuuza mwini nyumba kuti, "Bambo, kuno nthambo yanga musagule. Imene muli nayoyi ikukwanira."

Mlamu wake poyamba ankamutsina pamkono. Koma mawu amenewo ndi amene anayenda m'tauni kuposa chikwangwani chilichonse. Anafika mpaka kwa mayi wa sitolo uja, amene tsiku lina anaimba foni.

"Ndili ndi kasitomala amene wandithetsa nzeru," anatero. "Ndi bambo wachikulire, ankayendetsa ndege. Wagula zonse zimene ndingamugulitse, koma phokoso silikuchoka. Kodi mungapite?"

Bambo wa ndegeyo ankakhala m'nyumba yosanja yakalekale, pafupi ndi chipinda cha injini ya chikepe. Anawalandira pakhomo n'kuwalowetsa. M'chipinda chochezera munkanunkha mabuku ndi polishi. Woluka poyenda anagunda chinthu chachikulu chozizira, ndipo chinalira pansipansi.

"Ndi piyano ya mayi a kunyumba kuno," anatero bamboyo. "Anatisiya. Ine kuimba sindidziwa, ndimangoipukuta."

Anafotokoza kuti ali ndi tepi imodzi yokha ya mawu a mkazi wake. Anamujambula yekha, m'chipinda chomwecho, ali achinyamata, mkaziyo akuimba n'kumadziimbira piyano. Tepiyo inajambulidwa motsika kwambiri. Kuti amve bwino ankayenera kukweza mawu, ndipo akakweza, phokoso linkakwera limodzi n'kumuphimba.

"Mwana wanga, ndauluka pamwamba pa mitambo moyo wanga wonse," anatero. "Koma mtambo uwu wandikanika. Amakhala ngati akuimbira kuseri kwa chitseko."

Woluka anapempha kuti ayatse zonse popanda tepi. Chipinda chinadzaza ndi kung'ung'uza kokhuthala, ndipo chikepe chikamakwera kunkawonjezeka kaphokoso kena kothetheka. Woluka anagwada n'kukwawira kuseri kwa kabati, zala patsogolo. Kumeneko anapeza chisa. Nthambo ya magetsi, yodula ndithu koma yaitali mopitirira muyeso, inali itapindidwapindidwa n'kugonekedwa pa timawaya tochokera ku makina a tepi. Pulagi yake inkagwedera m'soketi ngati dzino la mwana.

Anayeza mtunda ndi mkono wake, kuchokera pakhoma kukafika pa ampulifaya, kudzera njira yolambalala timawaya tija. Mlamu wake anasintha soketi n'kulimbitsa waya woteteza umene unali utamasuka m'khoma. Phokoso linatsika, koma silinathe.

"Ndipatseni masiku, bambo," anatero Woluka. "Ndikulukirani yanuyanu."

Nthambo imeneyo sanailuke mothamanga. Ankaluka m'mawa, zala zisanatope, akuganiza za mayi amene sanakumane naye, amene anali kuseri kwa chitseko. Chishango anachikuta mothina, osasiya mpata ngakhale wa singano. Mlamu wake anaipima n'kunena kuti, "Iyi ndiye ilibe mlandu."

Anabwerera masana ena kukutentha. Mawindo anali otsegula, ndipo makatani ankapuma pang'onopang'ono. Woluka anaiyendetsa yekha nthamboyo m'mbali mwa khoma, n'kuikankhira m'soketi mpaka inagwira kuti gwa. Anakakhala pampando pafupi ndi bamboyo.

Anadikira.

"Tayatsanitu, achimwene," anatero bambo wa ndege.

"Ndayatsa kale, bambo," anayankha mlamuyo.

Chikepe chinakwera, chinatsika. M'chipindamo munali zii, bata lakuya ngati madzi a pachitsime. Bamboyo anadzuka n'kuika tepi, n'kukweza mawu kufika pamene sanafikepo.

Choyamba chimene anamva sichinali nyimbo. Unali mpando ukulira pamene munthu akukhala. Kenako mpweya, munthu akukoka mpweya asanayambe kuimba. Bamboyo anagwira mkono wa Woluka. Piyano inayamba, ndipo mphete ya woimbayo inkagunda pang'ono pa makiyi, ke, ke. Mawu anatuluka, aang'ono, oyera, osaphunzitsidwa, akumwetulira pakati pa mizere. Woluka anaona chipinda chomwecho chili chatsopano, dzuwa lili pansi pamatabwa, mtsikana wa khosi lalitali atakhala pa piyano. Ulendo uno sanauze munthu zimene ankaona. Anadziwa kuti malotowo ndi ake, koma bata limene ankalotamo linali lenileni.

Nyimbo inatha. Bamboyo anatambasula dzanja kuti azimitse, monga ankachitira nthawi zonse, poti kupitirira apo ankangomva phokoso.

"Musazimitse, bambo," anatero Woluka. "M'tepimo mudakali munthu."

Tepi inapitirira kuzungulira. Ndiye pansipansi, monong'ona, mayi uja analankhula.

"Kodi mwajambuladi, kapena mwangoima apo n'kumandiyang'ana?"

Kenako kanamveka kaphwete, ndipo tepi inatha.

Bambo wa ndege anayankha, nkhope italoza ku sipika.

"Ndimakuyang'ana, mayi. Ndimakuyang'ana."

Mlamu uja anatuluka kukaima pakhonde, akuti utsi wa galimoto wamulowa m'maso, chonsecho anali pamwamba pa nyumba yosanja. Woluka anakhala pomwepo, dzanja lake lili m'manja mwa bamboyo, mpaka dzuwa linachoka pamapazi awo.

Lero Woluka ali ndi chipinda chake chogwirira ntchito, cha matebulo aatali ndi mazenera amene amakonda kuwatsegula. Amagwira ntchito ndi amayi ena ndi abambo amene nawonso maso anawasiya panjira, ndipo onse anawaphunzitsa yekha. Mlamu wake amapimabe nthambo iliyonse isanatuluke pakhomo. Mayi wa sitolo amazigulitsa, ndipo aliyense wogula amaloledwa kukaiyesa kaye kunyumba kwake, n'kuibweza ngati sanamve kusintha. Ena amabweza. Ambiri sabweza. Situdiyo zojambulira nyimbo zimamuitana kuti adzangokhala pansi n'kumvetsera.

Mkangano uja sunathe, ndipo mwina sudzatha. Anthu akamufunsa kuti, "Mayi, tiuzeni zoona, kodi nthambo yodula imakometsadi nyimbo?" iye amaseka n'kunena kuti, "Nyimbo anaikometsa ndi woimba. Ine ndimangosesa pakhomo kuti alowe bwino. Ngati pakhomo panu m'posesa kale, tsache langa mulibe nalo ntchito."

Inu amene mukuwerenga, mwina nanunso pali chimene chinakutsekerani, ndipo achibale ayamba kale kunong'onezana za kumene angakuikeni. Mwina munadzukapo, n'kugwanso pamaso pa anthu, pa chinthu chimene munkati mumachidziwa. Kugwa kwachiwiriko kumapweteka kuposa koyamba, koma nthawi zambiri ndi kumene kumamuonetsa munthu mphatso yake yeniyeni, imene inabisala pansi pa imene ankadzitama nayo. Vomerani pamene mwalakwa, gwiritsitsani chochepa chimene chili choona, ndipo mawa m'mawa muyambirenso pomwepo. Mtima wanuwo musautaye, ntchito yake ikadalipo.